Mmene mungachepetsere zodzutsa mphumu kunyumba ndi kuntchito

Mphumu ikagona sikuti yatha. Njira za mpweya za m'mapapo mwa munthu wa mphumu zimakhala zotupa pang'ono ngakhale masiku amene akumva bwino, ndipo zikangokumana ndi chinthu chosagwirizana nazo zimafinyika n'kudzaza makhololo. Apo m'pamene munthu amayamba kubanika, chifuwa kumangika, mpweya kulira potuluka. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limanena kuti mu 2019 anthu pafupifupi 262 miliyoni padziko lonse anali ndi matendawa ndipo 455,000 anamwalira nawo, ambiri a iwo m'maiko osauka kumene mankhwala opumira savuta kusowa.

Mukafunsa za zinthu zimene zimadzutsa mphumu mudzauzidwa zambirimbiri: fumbi, utsi, mphaka, mungu, kuzizira, pafyumu, mphemvu, ngakhale kuseka kwambiri. Munthu ukamva zonsezi umangogwa ulesi, poti palibe nyumba imene ingasowe zonsezo. Koma palibenso munthu amene zonsezo zimamudwalitsa. Aliyense amakhala ndi zake ziwiri kapena zitatu zimene zimamugwetsa kawirikawiri. Ntchito yanu ndi kupeza zimenezo, n'kulimbana nazo m'malo awiri amene mumakhalitsa: pogona ndi pogwira ntchito.

1. Gulani kope

Musanataye kapeti kapena kuthamangitsa mphaka, tengani kope la sukulu muzilembamo kwa mwezi wathunthu. Tsiku lililonse mizere itatu basi. Kodi mwadzuka usiku chifukwa cha chifuwa? Mwapopera kangati inhela ya buluu, mankhwala opopera m'kamwa otsegula njira za mpweya? Munali kuti, ndipo munkatani maola angapo chifuwa chisanayambe? Funso lachitatuli ndiye lofunika kwambiri, chifukwa mphumu sidzuka nthawi zonse pomwepo. Ukhoza kukhala pachigayo masana n'kudzabanika pakati pa usiku, iwe n'kumaloza bulangeti.

Pakutha pa mwezi werengani kopelo. Ena amapeza kuti masiku oipa ndi Loweruka lokhalokha, tsiku losesa ndi kukolopa. Ena ndi tsiku limene agona kumudzi. Ena ndi Lolemba mpaka Lachisanu, Lamulungu bwinobwino, ndipo amenewa awerenge gawo 6 mofatsa. Ngati wodwalayo ndi mwana, lembaninso masiku amene anali ndi chimfine, poti kwa ana chimfine ndicho chimadzutsa mphumu kuposa china chilichonse.

Mukamapita kuchipatala kopeli muzilitenga. Dokotala amene ali ndi mzere wa anthu panja amathandiza bwino munthu amene wabwera ndi zolemba kusiyana ndi amene akungoti "chimangondiyamba."

2. Chipinda chogona

Muno mumakhalamo maola 7 kapena 8 usiku uliwonse, zitseko ndi mawindo zili zotseka, ndiye ngati mphamvu zanu n'zochepa zithereni muno.

Yambani ndi kutulutsa zimene si zogonera. M'nyumba zambiri chipinda cha bambo ndi mayi ndichonso nkhokwe: matumba a chimanga aunjikidwa kumutu kwa bedi kuopa akuba, pakona pali feteleza wotsala, kunsi kwa bedi kuli chigubu cha petulo wa njinga yamoto. Chimanga chothira Actellic chimatulutsa fumbi la mankhwala nthawi iliyonse mukakhudza thumba, chikayamba kufumbwa chimawonjezera fumbi lina, komanso chimaitana makoswe, amene mkodzo ndi ubweya wawo zimadzutsa mphumu. Mantha a akuba ndi omveka, koma pezani chipinda china chokhoma. Ngati nyumba ndi yaing'ono moti palibe kwina, gwiritsani ntchito matumba a PICS, aja a mapulasitiki awiri m'kati, amene amapha anankafumbwe powamana mpweya popanda kuthira mankhwala.

Kenako matiresi. M'matiresi, m'mapilo ndi m'mabulangeti mumakhala tizilombo tosaoneka ndi maso timene timadya tizidutswa ta khungu lathu, ndipo ndowe zake ndizo zimapweteka anthu ambiri a mphumu. Tizilomboti timakonda malo ofunda ndi achinyezi. Madzi ozizira sapha tizilomboti. Pamafunika madzi otentha kufika madigiri 60, oti dzanja silingakhalitsemo. Choncho sabata iliyonse viikani mashiti ndi zovekera mapilo m'madzi otentha musanachape, ndipo muziyanike padzuwa mpaka ziume gwa. Matiresi atulutseni padzuwa tsiku lonse kamodzi pa sabata ziwiri, mbali zonse ziwiri, ndipo wowakutumula akhale munthu wina, inu muli kutali. Amene angathe avekere matiresi ndi lekizini kapena pulasitiki wokhuthala n'kusoka, kuti azingopukuta ndi kansalu konyowa. Pilo wa nthenga, kapena wa siponji amene wayamba kunyenyeka, musamumvere chisoni.

Mabulangeti amene akhala m'sutikesi kuyambira Ogasiti musawafunde tsiku lomwe mwawatulutsa kukayamba kuzizira mu Meyi. Achapeni kaye. Chimodzimodzi zovala za kaunjika, zimene zimabwera ndi fumbi ndi fungo la m'belo. Zidole zaubweya za mwana zisagone naye pabedi, kapena mumusiyire chimodzi chimene muzichapa pamodzi ndi mashiti.

Nkhuku, nkhunda, mphaka ndi galu asalowe m'chipindachi ngakhale masana. Za mphaka anthu amakangana, ena amati ndi amene akuthandiza kuchotsa makoswe. N'zoona, koma agwire ntchito yakeyo kunkhokwe ndi kukhitchini. Dziwaninso kuti mphaka akachoka, zoyabwa za m'malovu ndi pakhungu pake zimatsalira m'nyumba kwa miyezi, ndiye musafulumire kunena kuti sanali iyeyo.

3. Utsi

Utsi supatula munthu. Ngakhale kope lanu lisanene kanthu za iwo, uchepetseni.

Ngati mumaphikira nkhuni, phikirani panja kapena m'khitchini yoima payokha yokhala ndi mawindo awiri oyang'anizana kuti mphepo izidutsa. Nkhuni zikhale zouma. Zaziwisi zimafuka kwambiri. Mbaula ya makala yatsirani panja ndipo muilowetse pakhonde makala atayaka bwino, atasiya kufuka. Chizolowezi choyatsira makala ndi jumbo kapena chidutswa cha silipasi chisiyeni lero, chifukwa utsi wakuda wa pulasitiki umene umatuluka pa mphindi zoyambazo ndi woipa kuposa wa makalawo. Mayi amene akuphika atabereka mwana wa mphumu kumbuyo adziwe kuti mwanayo akupuma utsi wonse umene iye akupuma, ndi mapapo aang'ono. Mwanayo akhale ndi wina mpaka moto utakhazikika.

Mbaula ya Chitetezo imathandiza, imadya nkhuni zochepa ndipo utsi umachepako, koma musaganize kuti mukagula mbaula nkhani yatha. Ku Chikwawa ndi ku Karonga kunachitika kafukufuku wamkulu amene anagawira mabanja mbaula zamakono zokhala ndi fani, n'kutsatira ana oposa 10,000. Zotsatira zake zitatuluka mu 2016 zinaonetsa kuti chibayo mwa ana sichinachepe. Kafukufukuyo anali wa chibayo, osati mphumu, koma phunziro lake likutikhudza: mwana amapuma utsi wochokera m'malo ambiri, kwa aneba, kudzala la zinyalala, ku koloboyi, kumunda kumene akutentha mapesi. Kuchotsa gwero limodzi n'kusiya ena onse sikusintha zambiri.

Ndiye yendani m'nyumba madzulo muone chilichonse chimene chikuyaka. Koloboyi ndi nyali ya parafini zilowedwe m'malo ndi tochi kapena nyali ya sola. Koyilo ya udzudzu, imene imafuka usiku wonse m'chipinda chotseka, ichoke, mugone m'neti. Mankhwala opopera ngati Doom apopere wina, wodwalayo ali panja, ndipo mawindo atsegulidwe kwa nthawi ndithu asanalowe. Zinyalala zikwirireni m'dzenje m'malo motentha. Ndipo mbaula isagone m'chipinda mu Juni ngakhale kuzizire bwanji. Kupatula mphumu, mpweya wa makala wopanda fungo umapha anthu ali m'tulo.

Wosuta fodya asutire panja, kutali ndi khomo ndi mawindo. Kusutira m'chipinda china n'kudzinamiza, utsi umayenda nyumba yonse n'kukakamira m'makatani ndi m'zovala. Ngati wosutayo ndi inu mwini mphumu, dziwani kuti fodya amafooketsanso mphamvu ya inhela yoteteza, imene tiikambe m'gawo 7.

4. Kusesa, chinyezi ndi mphemvu

Tsache louma limangonyamula fumbi pansi n'kulimwaza m'mwamba, kumene limayandama kwa maola. Wazani madzi musanasese, pabwalo ndi m'nyumba momwe, ndipo pa simenti kolopani m'malo mosesa. Mipando, mawindo ndi pamwamba pa kabati pukutani ndi kansalu konyowa. Nyumba ya dothi izizilidwa pafupipafupi kuti pansi pasafumbuke. Wa mphumu asakhale wosesa, ndipo ngati palibe wina, avale masiki n'kutsegula mawindo onse.

Pa mankhwala oyeretsera lamulo ndi limodzi lalikulu: musasakanize Jik ndi mankhwala ena alionse, makamaka otsukira chimbudzi. Zikasakanikirana zimatulutsa mpweya wa klorini umene ungagwetse munthu m'bafa momwemo. Polishi wapansi wonunkhira, zopopera zonunkhiritsa nyumba ndi pafyumu wamphamvu ndi zinthu zoti mukhoza kukhala popanda. Sopo wamba ndi madzi zimakwanira.

M'dzinja yang'anani makoma kuseri kwa kabati ndi siling'i pamene denga likudontha. Madontho akuda kapena obiriwira aja ndi nkhungu, ndipo imatulutsa timbewu touluka timene timalowa m'mapapo. Kuipaka penti pamwamba n'kutaya ndalama. Konzani kaye podonthapo, wina atsuke khomalo, liume. Zovala zonyowa musayanike m'chipinda chogona. Mphemvu nazo zimathawa njala: mbale zitsukidwe usiku womwewo, nsima yotsala ivundikiridwe, ming'alu ya m'khoma imatidwe.

5. Nyengo

Izi simungazisinthe, koma mungazikonzekere. Juni ndi Julayi, chiperoni chikagwa ku Blantyre, Thyolo ndi Mulanje, kapena mwera ukamawomba kunyanja, phimbani mphuno ndi pakamwa ndi sikafu potuluka m'mawa ndipo muzipumira m'mphuno. Kuyambira Ogasiti mpaka mvula yoyamba ndi nthawi ya fumbi ndi moto wa tchire, ndiye tsekani mawindo a mbali imene utsi ukuchokera. Chimanga chikamasula ngayaye, amene mungu umawavuta achepetse kulowa m'munda m'mawa. Mwezi umene kope lanu likuonetsa kuti ndi woipa, pitani kuchipatala usanafike mukatenge mankhwala okwanira.

6. Kuntchito

Mwa akuluakulu 6 alionse amene mphumu inawayamba atakula, pafupifupi mmodzi inamuyamba chifukwa cha ntchito. Ambiri sadziwa, poti siyamba tsiku loyamba. Munthu akhoza kugwira ntchito mu bekale zaka zitatu bwinobwino, kenako n'kuyamba kuyetsemula, maso kuyabwa, mphuno kuchucha, patapita miyezi chifuwa. Thupi likangofika podana ndi ufa wa tirigu, ngakhale kafumbi kochepa kamakwanira.

Chizindikiro chachikulu n'chakuti mumapeza bwino mukakhala patchuthi. Lamulungu limodzi nthawi zina silikwanira. Onani mmene mumakhalira pa Khirisimasi kapena mukapita kumudzi sabata yathunthu. Ngati mungapeze kachipangizo kouzira kotchedwa peak flow meter, uziranimo kanayi pa tsiku kwa sabata zitatu kapena zinayi, masiku a ntchito ndi opuma omwe, n'kulemba manambala. Umenewo ndi umboni woti dokotala ndi abwana angaukhulupirire.

Ntchito zimene zimadziwika ndi vutoli ndi izi: kuphika buledi, kugaya chimanga, kupala matabwa, kupopera penti magalimoto, kuwotcherera zitsulo, kusankha ndi kudinda fodya m'zigafa, kuweta nkhuku zambiri, kukonza tsitsi ndi mankhwala owongola kapena osintha mtundu, kuyeretsa m'maofesi, ndi ntchito za chipatala kumene magolovesi a labala okhala ndi ufa amavuta ena. Palinso ntchito zimene sizinayambitse mphumu koma zimaikulitsa: mphunzitsi ndi fumbi la choko, wokazinga tchipisi pachiwaya, wa kabaza pamsewu wafumbi, wowamba nsomba, wotentha njerwa.

Anthu ambiri akamva izi amathamangira masiki. Masiki ndi chinthu chomaliza. Choyamba funsani ngati chinthucho chingachotsedwe kapena kusinthidwa: penti wosungunula ndi madzi m'malo mwa wa thinazi, magolovesi a nitrile m'malo mwa a labala, kufufuta bolodi ndi kansalu konyowa. Chachiwiri, fumbi lisauluke. Pokhuthula thumba la ufa musalikutumule, lipindeni pang'onopang'ono kuchokera kunsi. Utuchi uwazidwe madzi usanasesedwe, ndipo musauuluze ndi mpweya wa kompuresa. Chachitatu, mpweya uzidutsa: gwirani ntchito pafupi ndi khomo, mphepo ikuchokera kumbuyo kwanu kuti fumbi lizipita kutsogolo. Pachigayo, kusuntha kuchoka potulukira ufa kupita polandira ndalama kukhoza kusintha moyo wa munthu.

Mukafika pa masiki, sankhani yoyenera. Ya nsalu ndi ya buluu ija ya kuchipatala sizitchinga fumbi losalala. Pamafunika yolembedwa N95 kapena FFP2, yogwira bwino pamphuno ndi m'masaya, ndipo ndevu zimaipangitsa kulowetsa mpweya m'mbali. Koma ngakhale imeneyo sitchinga nthunzi ya penti. Penti wa magalimoto wosakaniza ndi hadena (choumitsa penti) ali ndi mankhwala otchedwa isocyanate, amene ali m'gulu la zoyambitsa mphumu ya kuntchito zodziwika kwambiri padziko lonse. Munthu amene thupi lake layamba kudana nawo, kunena zoona, afunika kusiya kupopera, agwire mbali ina ya ntchito kutali ndi popoperapo. N'zowawa kumva kwa munthu amene luso lake ndi lomwelo, koma amene achoka msanga amakhala ndi mwayi wokulirapo woti mapapo abwerere m'malo, pamene amene akakamira zaka amatsala ndi mphumu ngakhale atadzasiya.

Mu ofesi zodzutsa zimakhala zobisika: kapeti yakale, mafayilo a fumbi, makina oziziritsa mpweya amene sefa yake sinatsukidwe chiikireni, mnzanu wa pafyumu wamphamvu. Pemphani kuti oyeretsa azigwira ntchito inu musanafike kapena mutaweruka, ndiponso kuti muzidziwitsidwa pasadakhale tsiku lopaka penti kapena lopopera mankhwala a tizilombo.

Polankhula ndi abwana pitani ndi kalata ya dokotala ndi pempho lenileni, monga kusinthidwa malo kapena kugulidwa masiki oyenera, osati kungodandaula. Ku Malawi lamulo la Occupational Safety, Health and Welfare Act la 1997 limapatsa olemba ntchito udindo woteteza thanzi la antchito awo, ndipo ofesi ya zantchito ya m'boma lanu ndi kumene mungakadandaule zikakanika. Abale amene ali ku South Africa, makamaka opaka penti, osamalira maluwa ndi ogwira ntchito m'nyumba, adziwe kuti lamulo la kumeneko la COIDA la 1993 limawerengera mphumu ya kuntchito ngati matenda olipiridwa chipukuta misozi.

Poweruka vulani ovolosi kuntchito komweko ndipo musambe musanakumbatire ana. Fumbi la fodya kapena la ufa limene lili m'tsitsi ndi m'zovala limakafika pa pilo.

7. Mankhwala

Mankhwala ena amadzutsa mphumu mwa anthu ena. Asipirini, Brufen ndi diclofenac ndi ena mwa iwo. Ngati munabanikapo mutamwa amenewa, musawamwenso, ndipo muziwerenga zimene zili m'mapiritsi a mutu ogula pa okala chifukwa ena amakhala ndi asipirini m'kati. Panado ambiri sawavuta. Mankhwala a BP monga propranolol ndi atenolol, ngakhalenso a m'maso otchedwa timolol, amafinya njira za mpweya, choncho aliyense wokulemberani mankhwala muzimuuza kuti muli ndi mphumu.

Zonse tanenazi sizilowa m'malo mwa inhela. Ya buluu, salbutamol, imatsegula njira za mpweya pa mphindi zochepa koma sichotsa kutupa. Yofiirira, beclomethasone, ndiyo imachotsa kutupa, ndipo imagwira ntchito mukamapopera tsiku lililonse ngakhale mukumva bwino, n'kuchukucha m'kamwa mukamaliza. Zimene anthu amanena zoti ukayamba inhela susiya, kapena kuti imafooketsa mtima, zapweteketsa ambiri. Mankhwala opumira amapita m'mapapo mwachindunji pa mlingo wochepa, pamene mapiritsi a salbutamol amazungulira thupi lonse n'kunjenjemeretsa manja. Ngati mukupopera ya buluu koposa kawiri pa sabata, kapena mukumaliza zitatu pa chaka, mphumu yanu sinagwidwe bwino ndipo mufunika yoteteza. Chifuwa chopitirira sabata ziwiri, makamaka ndi kuonda kapena thukuta la usiku, kayezetseni makhololo. Si chifuwa chilichonse chimene chili mphumu, china ndi TB.

Inhela imagwira bwino ikadutsira mu spacer, kachipangizo koika pakati pa inhela ndi pakamwa, ndipo ngati mulibe mukhoza kupanga. Madokotala a ku Cape Town anaonetsa mu 1999 kuti botolo la pulasitiki la 500ml limagwira ntchito mofanana ndi yogula. Boolani kunsi kwa botolo bowo lofanana ndi kukamwa kwa inhela, lothina kuti mpweya usatulukire m'mbali. Litsukeni ndi sopo wa mbale, lisiyeni liume lokha osapukuta. Khutchumulani inhela, ilowetseni pabowopo, ikani kukamwa kwa botolo m'kamwa, poperani kamodzi n'kupuma kanayi kapena kasanu. Mukafuna kupopera kachiwiri bwerezani zonse. Musapopere kawiri nthawi imodzi.

Mphumu ikadzuka mwamphamvu, wodwala akhale tsonga, asagone. Wamkulu apopere ya buluu kanayi mpaka ka 10, kamodzikamodzi kudzera m'botolo, mwana wosakwana zaka 6 kawiri mpaka ka 6, ndipo mubwereze pakatha mphindi 20. Musamufundike bulangeti kuti afukize masamba a bulugamu, zimangotaya nthawi ndipo fungolo limabanikitsa ena. Ngati akulephera kumaliza chiganizo, nthiti zikulowa m'kati, milomo yasintha mtundu, akuwodzera, kapena kulira kwa m'chifuwa kwasiya koma akubanikabe, nyamukani kupita kuchipatala nthawi yomweyo, mukupoperabe m'njira. Pa mafunso osakhala a changu mukhoza kuimbira Chipatala cha pa Foni. Kuchipatala akakupatsani mapiritsi ochepetsa kutupa a prednisolone malizani masiku onse amene alemba, ndipo mubwererenso kuchipatala sabata isanathe kuti akaonenso mlingo wa inhela yoteteza.